Gauni wavula, wabwerera ku Dedza: ntchito yolemba mapulogalamu uilowere khomo liti?

Mwana wa mlongo wanga anamaliza digiri ya zamakompyuta chaka chatha. Tsiku la gauni tinavina mpaka fumbi koboo, zithunzi zinafika ndi kwa abale a ku Joni komwe. Sabata isanathe, mnyamata anali atabwerera kwawo ku Bembeke ndi chikwama chomwe chija anapita nacho ku koleji, mkatimo muli laputopu imene batire yake siitha ngakhale ola limodzi. M'mwezi wa Juni, kuzizira kwa kuno inu mukukudziwa, anandipeza pa boma ndili pa chiwaya, iye atavala majuzi awiri. Tchipisi chisanapse n'komwe anali atayamba kale: "Amalume, inu mwakhalitsa m'zinthuzi, ndiyambire pati? Mnzanga wina akuti ndithamangire ku Lilongwe, wina akuti za ku Lilongwe n'zachikale ndalama zili pa intaneti, winanso akuti tiyambe kampani yathuyathu."

Tsikulo ndinamuyankha mwapatalipatali, kukamwa kuli kotanganidwa. Apa ndikufuna ndiyankhe modekha, chifukwa anyamata ndi atsikana otere alipo ambiri kuchokera ku Linthipe mpaka ku Kampepuza. Ena achokera ku MUBAS, ena ku Zomba, ku MUST, ku Mzuni, ku NACIT, ndipo onse akhala pakhonde ndi funso lomwelo.

Muyezo wanga ndiunene poyamba kuti amene sakugwirizana nawo asataye bandulo. Zaka ziwiri zoyambirira, njira yabwino ndi imene ikupatseni munthu wodziwa kukuposani woti aziwerenga khodi yanu (malangizo amene mumalembera kompyuta) n'kukuuzani pamene mwapindika, komanso anthu enieni ogwiritsa ntchito zimene mwalemba, oti aziimba foni zikawonongeka. Ku koleji khodi yanu inkawerengedwa kamodzi, inkapatsidwa malikisi, n'kuiwalika mu fulashi. Simunaonepo pulogalamu yanu itatha miyezi isanu ndi umodzi ili pa ntchito, database (nkhokwe yosungira zonse zolowetsedwa mu pulogalamu) itadzaza, kalaliki wina atalemba dzina la mudzi pamalo pa nambala ya foni. Luso la ntchitoyi limamera pamenepo. Ndalama n'zofunika, sindikukana. Ngongole ya ku Loans Board ikudikira ndipo kunyumba maso ali pa inu. Koma malipiro a chaka choyamba si amene adzakudyetseni chaka chachisanu.

Kulembedwa ntchito mumzinda

Kuchokera pa boma la Dedza kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1. Si patali, koma si poyenda m'mawa uliwonse. Thiransipoti yokha ingadye malipiro onse, makamaka mafuta akasowa mitengo ya minibasi n'kulumpha. Ndiye kulembedwa ntchito kumatanthauza kusamuka, ndipo kusamuka ndi lendi, nthawi zambiri yolipiriratu miyezi itatu, makala, madzi, minibasi ziwiri popita ziwiri pobwera. Kuno kachewere ndi kabichi mumangozula kudimba. Ku Area 25 kapena kwa Chinsapo ngakhale tsabola ngwogula. Werengerani zimenezi musanavine ndi nambala imene ili pa kalata ya ntchito.

Ndi zovuta zonsezi, njira imeneyi ndimaiikabe patsogolo. Kungoti mabwana ali mitundumitundu ndipo chimene mukaphunzire kwa aliyense n'chosiyana.

Mabanki ndi makampani a mafoni, monga National Bank, Standard Bank, FDH, NBS, Airtel ndi TNM, ndi kumene aliyense amaponyako CV. Malipiro amabwera pa tsiku lake, ndipo penshoni imayenda monga lamulo likunenera, bwana 10 peresenti inu 5 peresenti. Chimene simuuzidwa n'chakuti masisitimu akuluakulu osunga maakaunti ndi ogula kunja. Wa pakhomo ntchito yake ndi kulumikiza sisitimu iyi ndi iyo, kulemba SQL (chilankhulo chofunsira database), kutulutsa malipoti, kufufuza chifukwa chake ndalama yachoka pa foni koma sinafike ku akaunti. Si kumanga chinthu chatsopano tsiku lililonse, koma kumeneko mumaphunzira ulemu pa ndalama ya munthu: tambala imodzi ikasowa, simupita kunyumba. Amene wadutsa m'manja otere sapusa ndi zinthu zing'onozing'ono moyo wake wonse.

Mbali imene ophunzira ambiri saiganizira ndi ya zaumoyo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Baobab Health inayamba kuika makompyuta ogunda ndi chala pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe, ndipo mapulogalamu ake, ambiri olembedwa ndi chida chotchedwa Ruby on Rails, ankalembedwa konkuno ndi ana a kuno. Ntchito yosunga mbiri ya odwala pa kompyuta inafalikira m'zipatala zambiri, makamaka kumbali ya ma ARV. Unduna wa zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero zake kudzera mu DHIS2, pulogalamu imene mwini wake ndi University of Oslo ya ku Norway, ndipo alangizi a zaumoyo m'midzi ayamba kulemba pa matabuleti m'malo mwa mabuku. Chokoma apa n'chakuti khodi ya DHIS2 ndi ya OpenMRS, pulogalamu ina yosunga mbiri ya odwala, ili poyera pa GitHub, webusayiti yosungirapo khodi. Mutha kuitsitsa lero muli ku Mtakataka, kuiika pa laputopu yanu, kuiphwasula, n'kukafika pa intavyu mukudziwa kale pamene pagona mutu ndi mchira. Chowawa n'chakuti ntchito zimenezi zimadalira thumba la abwenzi akunja. Kumayambiriro kwa 2025 boma la America litaimitsa thandizo lambiri lodzera ku USAID, anthu aluso ndithu anapezeka ali pakhomo. Kontrakiti ya chaka chimodzi muziitenga ngati ya chaka chimodzi, osakatenga nayo ngongole ya galimoto.

Kenako pali timakampani ting'onoting'ono ta mapulogalamu, ta anthu asanu kapena khumi, tambiri togwiritsa ntchito zida zolembera mapulogalamu monga PHP ndi Laravel, Flutter, React kapena Django. Kumeneko mumalemba khodi yambiri zedi, mumaika nokha pa seva (kompyuta imene pulogalamu imakhalapo kuti anthu aziifikira), mumakaphunzitsa kasitomala, mwina n'kunyamula ndi majenereta omwe. Kuphunzira kwake n'kwachangu kuposa ku banki. Koma malipiro amatha kuchedwa pamene kasitomala wachedwa, ndipo ena mwa makampaniwa alibe wamkulu woti n'kukuwongolani: mwini wake ndi katswiri wopeza makontrakiti, osati wolemba khodi. Pa intavyu musachite manyazi, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Funsani ngati amasunga khodi pa Git, chida chosunga mbiri ya kusintha kulikonse kwa khodi. Funsani amene amaiwerenga isanapite kwa kasitomala. Funsani ngati ali ndi seva yoyeserera yosiyana ndi imene anthu akugwiritsa ntchito. Akayankha kuti "timangotumizirana pa WhatsApp", dziwani kuti mphunzitsi mukakhala ndinu, chonsecho mwapitira kukaphunzira.

Msampha wa dzina loti ICT Officer

Iyi ndiyo ntchito imene imapezeka pafupi: ku khonsolo, kusukulu, ku bungwe limene lili ndi ofesi pa boma, ndipo ambiri olowa pulogalamu ya boma ya omaliza maphunziro yophunzirira ntchito amagwera pomwepa. Mugona kwanu, mudya zakudimba, mayi akondwa. Koma ntchito yake ndi pulinta yokana, Windows yofuna kuikanso, mavairasi a m'mafulashi, chingwe cha netiweki chodyedwa ndi makoswe, ndi abwana oiwala pasiwedi. Ndi ntchito yaulemu ndipo wina ayenera kuigwira, koma si kulemba mapulogalamu. Ndaona anzanga aluso atakhala zaka zinayi pa mpando umenewu, n'kudzapezeka kuti dzanja lauma, sangalembenso ngakhale kapulogalamu kolowetsa mayina.

Ngati ndi yokhayo yapezeka, itengeni, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma mwezi woyamba womwewo yang'anani chinthu chimodzi chimene ofesiyo imachita ndi manja, kaya ndi kalembera wa mafuta a galimoto kaya ndandanda wa katundu wa m'sitolo, muchisandutse pulogalamu, anthu azichigwiritsa ntchito. Pochoka mudzakhala ndi choonetsa.

Ganyu ya kuno kwathu

Apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi njira imene ndinaidutsa ndipo inandisiyira zipsera.

Pa Lizulu kapena ku Tsangano tsiku la msika pamadutsa ndalama zoopsa. Malole amadzaza mbatata, tomato ndi kabichi kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo mawerengero onse ali m'timabuku ta m'thumba ndi m'mitu ya anthu. Womaliza koleji akaona zimenezi amati, "Apa pakufunika app." Ayi aphwanga. Mayi wogulitsa tomato ali ndi kafoni ka mabatani, amadziwa *211# ndi *444#, ndipo zimamukwanira. Sadzagula bandulo kuti atsegule chinthu chimene kabuku kake kamachita ulele. Ofuna kufikira anthu otere ayenera kuganiza za SMS ndi USSD (manambala ngati *211# aja), ndipo nambala ya USSD siipezeka mwachisawawa, imafuna mgwirizano ndi makampani a mafoni ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi imene woyamba kumene sangaikwanitse yekha.

Amene amalipiradi ndi ena: sukulu zapulaiveti zofuna kudziwa yemwe walipira fizi ndi kutulutsa malipoti a ana, ma SACCO ndi makopaletivi a alimi, mafamase ndi tizipatala tapulaiveti, ogulitsa mbewu ndi feteleza, malo ogona alendo, maparishi ofuna kusunga mabuku a ubatizo ndi maukwati. Onsewa ali ndi vuto lenileni, ndipo ambiri sangafike pa mitengo ya makampani a mumzinda. Chofunika kwa iwo si kukongola. Akufuna chinthu chogwira ntchito netiweki kulibe n'kudzatumiza zonse ikabwera, chosataya kanthu magetsi akathima pakati pa risiti, chotha kuyenda pa kompyuta yakale ya kaunjika. Kumanga zotere n'kovuta kuposa mawebusayiti onyezimira a pa YouTube, ndipo amene wakwanitsa waphunzira zenizeni.

Ine ndinagwa motere. Sukulu ina yapulaiveti, dzina tisiye, inandipempha sisitimu ya fizi. Ahedi ake tinkapemphera mpingo umodzi, ndiye kulemba mgwirizano ndinaona ngati kuwanyoza. Tinangogwirana chanza. Ntchito ya mwezi umodzi inatha miyezi itatu chifukwa Lachisanu lililonse kunkabadwa chatsopano: "Tangowonjezerani pa mayunifolomu", "Nanga za chakudya cha ogonera?", "Makolo azilandira uthenga pa foni." Anandipatsa gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama, yotsala inakhala ya "temu ikubwerayi". Kenako mvula yoyamba, mphenzi inaotcha kompyuta ya mu ofesi. Panalibe pena pamene ndinasunga kope ya database. Vuto limenelo linali langa, sindingalikankhire kwa wina. Fizi ya temu yonse anaiwerenganso kuchokera m'mabuku a marisiti, ndipo pa Sande tinayamba kukhala mabenchi otalikirana.

Kuyambira pamenepo sindiyamba ntchito popanda pepala, ngakhale tsamba limodzi, lonena chimene ndimange, chimene sindimanga, ndi mtengo wa chowonjezera chilichonse. Theka la ndalama limabwera ndisanatsegule laputopu. Kope ya database imasungidwa malo awiri tsiku lililonse popanda wina kukumbukira. Ndipo ndinasiya kugulitsa pulogalamu ngati njinga, yolipira kamodzi n'kuiwalana. Pulogalamu ili ngati munda, imafuna kupalira, ndiye kasitomala amalipira pa temu kapena pa mwezi. Sukulu zisanu zolipira pang'onopang'ono pa sisitimu imodzi yomweyo zimaposa kasitomala mmodzi wamkulu.

Chenjerani ndi ndalama ziwiri zosiyana. Seva ya kunja mumalipira m'madola, kuika app pa Google Play ndi madola 25 kamodzi, pamene kasitomala wanu amalipira makwacha. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika cha m'ma K1,700 usiku umodzi. Amene anapangana mtengo wa chaka chonse m'makwacha analira. Ndiponso kupeza khadi ya banki yolola kulipira kunja pa nthawi imene madola akusowa ndi nkhondo payokha.

Za mapepala: lembetsani dzina la bizinesi ku boma, tengani nambala ya msonkho (TPIN) ku MRA. Popanda zimenezi bungwe lililonse lalongosoka silingakulembereni cheke, ndipo akamalipira amadula msonkho wawo pomwepo, ndiye muuwerengere mu mtengo. Ofuna makontrakiti a boma alembetsenso ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu m'boma. Kumbukiraninso kuti kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa pa makompyuta. Mayina a ana asukulu ndi matenda a odwala si zinthu zoyenda nazo mu fulashi ya m'thumba la jinzi.

Pa muyezo wanga uja, ganyu imakhoza mbali imodzi bwino kwambiri: ogwiritsa ntchito alipo, ndipo amadziwa ndi pakhomo panu pomwe. Mbali inayo imalephereratu. Palibe wowerenga khodi yanu. Mumakhala nyakwawa ya mudzi wa munthu mmodzi, zolakwa zanu n'kusanduka mwambo. N'chifukwa chake ndimaiona ngati yabwino kuyendera limodzi ndi njira ina, osati yokha.

Kugwirira ntchito akunja muli pakhomo

Iyi ndi imene imawalitsa maso. Malipiro m'madola, lendi ya ku Dedza, mphepo yozizira yoti laputopu siitentha n'komwe. Ndipo si maloto, alipo Amalawi amene akudya motere. Nthawi yathu ndi imodzi ndi ya ku Johannesburg, imasiyana ndi ya ku Berlin ndi ola limodzi lokha kapena osasiyana n'komwe malinga ndi nyengo, ya ku London ola limodzi kapena awiri. Kugwira ndi a ku Ulaya sikufuna kuchezera usiku ngati mmene zimakhalira ndi a ku America.

Koma chikomekome cha mkuyu. Kampani ya kunja ikamalemba munthu amene sidzamuona ndi maso, imafuna woti yangomupatsa ntchito n'kutembenuka. Woyamba kumene amafuna kugwiridwa dzanja, ndipo kugwira dzanja la munthu ali makilomita zikwizikwi n'kodula. Kuyambira chakumapeto kwa 2022 makampani akuluakulu a zamakompyuta anachotsa anthu ambirimbiri, ndipo odziwa kale ntchitowo akulimbirana mipata yomweyo. Ngakhale Andela, kampani yopezera olemba mapulogalamu ntchito kunja, imene inayamba mu 2014 ku Lagos pophunzitsa oyamba kumene, inasintha n'kuyamba kufuna odziwa kale. Pa Upwork, webusayiti yopezerapo ganyu ya kunja, mukupikisana ndi anthu a ku India, Pakistan ndi Nigeria amene ali ndi nyenyezi mazanamazana zoyamikiridwa ndi makasitomala, inu mulibe ndi imodzi yomwe. Miyezi itatu yotumiza makalata popanda yankho ndi yachizolowezi, ndipo bandulo ikupita.

Kenako magetsi. Kumusi kwathu kuno ku Golomoti kuli munda wa sola wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire ake, koma mphamvu yake imalowa mu mawaya a ESCOM a dziko lonse, siibwera kwa inu chifukwa ndinu a m'boma limodzi. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka kwa nthawi yoposa chaka. Kasitomala wa ku Ulaya amva za kuthima kwa magetsi kamodzi, kachiwiri amwetulira, kachitatu apeza wina. Laputopu siidya moto wambiri, ndiye panelo imodzi yabwino, batire ndi inverter zimakwana, koma n'zogula musanalandire dola yoyamba. Intaneti khalani nayo ya mitundu iwiri, Airtel ndi TNM, ndipo a m'malire ngati pa Lizulu ndi Biriwiri ayang'anitsitse foni isalumphire pa netiweki ya ku Mozambique pakati pa msonkhano. Starlink inafika m'dziko muno mu 2023 ndipo imagwira bwino ngakhale kuseri kwa phiri, koma kwa munthu mmodzi wosayamba kulandira ndi katundu wolemera. Anthu anayi kapena asanu ochita lendi chipinda chimodzi pa boma, sola imodzi, Starlink imodzi, apo ndiye zomveka, ndipo mwapezanso owerengerana khodi.

Ndalama kuti ifike, ambiri amadzera pa Payoneer, kampani yolandirira ndalama za kunja pa intaneti, kapena kutumiza molunjika ku banki, ndipo imasinthidwa pa mtengo wa banki, osati umene mumamva pa msewu. Msonkho ulipo ndithu ngakhale bwana ali kunja. Ndipo aliyense wokuuzani kuti mulipire kaye ndalama yolembetsera ntchito, kapena kuti mumubwereke chiphaso chanu cha unzika atsegulire akaunti m'dzina lanu, ameneyo ndi tambwali.

Pali kakhomo kamodzi ka kunja kamene kanapangidwira oyamba kumene, ndipo ndimadabwa kuti ana athu sakagogoda. Google Summer of Code imalipira anthu kuti agwire ntchito miyezi ingapo pa mapulogalamu a khodi yapoyera moyang'aniridwa ndi katswiri, ndipo kuyambira 2022 sikufunikanso kukhala pa sukulu, bola zaka 18 ndi kukhala wachilendo m'ntchito zotere. OpenMRS ija imatenga nawo mbali. Outreachy, pulogalamu inanso yotere, imapereka madola 7,000 pa miyezi itatu, kawiri pa chaka, kuyambira Meyi ndi Disembala, ndipo imafuna makamaka anthu amene sapezekapezeka m'ntchito za makompyuta. Atsikana inu, apa ndi panu, musasiyire anyamata. Mpikisano wake ngwa dziko lonse lapansi ndipo ambiri satengedwa ulendo woyamba. Koma kuti mulembetse mumayenera kuyamba mwathandizapo pa khodi yawo, ndiye ngakhale mutagwa, katswiri wa kunja wawerenga ntchito yanu n'kukuuzani mokonza, ulele. Ulendo woyamba kubwezeredwa khodi yanu ili ndi ndemanga 20 mumamva ngati akutukwanani. Imeneyo ndiyo sukulu imene digiri sinakupatseni.

Chinanso chimene anthu sanena: ntchito ya kutali theka lake ndi kulemba Chingerezi chomveka. Kufotokoza vuto m'ziganizo zinayi zoti munthu wa ku Oslo amve popanda kukuimbirani ndi luso lofunika ngati khodi yomwe.

Kampani yanuyanu, ndi kubwerera ku sukulu

Za kuyambitsa kampani ndi anzanu a m'kalasi sindichedwapo. Malo ngati mHub ku Lilongwe, imene anayambitsa Rachel Sibande, ndi Mzuzu E-Hub athandiza achinyamata ambiri kukumana ndi kuphunzira, ndipo kupitako n'kwabwino. Koma pali matenda ena oti munthu amasanduka katswiri wa mipikisano: amaloweza zonena pa siteji, amalandira chicheke chachikulu cha katoni, amajambulidwa, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene analipirapo kwacha kuti agwiritse ntchito chinthu chakecho. Kampani yoona imabadwa pamene ganyu ija yakula: sukulu zakwana khumi, simungathenso nokha, mukufuna wothandiza. Isanafike pamenepo ndi dzina ndi logo chabe.

Digiri yachiwiri ndi yabwino kwa ofuna kuphunzitsa kapena kufufuza, ndiponso ngati wolipira ndi wina. Carnegie Mellon University Africa ku Kigali ndi malo amphamvu ndipo Mastercard Foundation imalipirira ena kumeneko. Chevening ya ku Britain imafuna mutagwirapo kale ntchito zaka ziwiri, ndiye nayonso ikukubwezerani ku funso lomwe lija. Kugulitsa ng'ombe za malume kuti mubwerere m'kalasi chifukwa ntchito sikupezeka, ayi. Satifiketi ngati CCNA ndi ya ofuna za netiweki, siithandiza wolemba mapulogalamu. Zimene mukusowa zambiri zili ulele pa CS50 ya ku Harvard ndi pa freeCodeCamp, mtengo wake ndi bandulo ya usiku.

Mphwanga uja anandifunsanso ngati ChatGPT ndi anzake sathetsa ntchitoyi. Chibwerereni chakumapeto kwa 2022, zida zimenezi zimalemba m'masekondi khodi imene woyamba kumene ankalemba tsiku lonse, ndipo n'zoona kuti zachepetsa tintchito tophweka timene anthu ankaphunzirirapo. Zigwiritseni ntchito, ine ndimatero tsiku lililonse. Koma musapereke kwa kasitomala mzere umene simungaufotokoze. Pa intavyu adzakutsekerani intaneti n'kukufunsani chifukwa chake mwalemba motere. Ndipo makinawo sadziwa kuti kholo la ku Kasumbu limalipira fizi katatu, kamodzi pa Mpamba ya mlamu wake, kamodzi pamanja, kotsalako ndi matumba awiri a chimanga. Woti akhale pansi ndi abasala n'kumvetsa zimenezo ndinu.

Tinakhala pansi ndi mnyamata uja n'kupangana motere. CV ipite ku makampani a ku Lilongwe okhala ndi akuluakulu owerenga khodi, ngakhale malipiro atakhala ochepa kuposa a ICT Officer, ndipo akagone kaye kwa msuweni wake ku Area 36 kuti lendi isamudye. Podikira mayankho asakhale manja lende: atenge kasitomala mmodzi yekha kuno, pa pepala, ndipo usiku aziwerenga khodi ya OpenMRS mpaka apeze kachilema kakang'ono koti akonze. Za madola ayambe kuzisaka chaka chachiwiri chikamatha, ali ndi zinthu zitatu zoonetsa zimene anthu akuzigwiritsadi ntchito. Chilankhulo cholembera mapulogalamu asankhe chimodzi n'kuchidziwa mpaka pansi pamodzi ndi SQL ndi Git, osati kulawa zisanu n'kuzilemba zonse pa CV.

Kasitomala anamupeza, sitolo ya mbewu ndi feteleza ya pa Chimbiya, ndipo theka lolipiriratu linagula batire yatsopano ya laputopu. Makalata anatumiza 14, anamuyankha awiri. Kwinako anafunsa za Git ndipo anamuyang'ana ngati watukwana. Kwinako amuitananso Lolemba likubwerali kuti akalembe mayeso a khodi pamaso pawo, ndiye wandipempha ya minibasi ndi jekete yanga yakuda ija, ngakhale manja ake ndi aafupi kwa iye.